Virginia wa Poloti Yomaliza

Kumunsi kwa sikimu yaikulu ya Likangala, kumene mtsinje umafika utatopa kale, kuli kasikimu kena kamene alimi anakumba okha ndi makasu. Anakatcha Tigwirane. Dzina ndi labwino, ndipo anthu a kwa Mwambo sasowa mayina abwino. Ngalande yake ndi imodzi, yolunjika ku nyanja ya Chilwa, ndipo mapoloti a mpunga anandandalika mbali zonse ziwiri. A kumtunda amamwa oyamba. A kumunsi amamwa zotsala, ngati zatsala. Poloti yomaliza kwenikweni, yogundana ndi njedza za m'dambo, ndi ya Virginia Makwinja, amene ambiri amangomutchula kuti amake Leah.

Agogo ake a Virginia anachokera ku Mozambiki kalekale, atasenza khasu ndi mphika. Iye anabadwira konkuno, anabatizidwa konkuno, analekezera sukulu Sitandade 5 konkuno. Koma mkangano ukabuka pa za malire, pamapezekabe wina wokumbukira kuti awa ndi obwera. Anthu oiwala kubweza khasu lobwereka ndi omwewo amene saiwala kumene agogo a mnzawo anachokera.

Anakwatiwa ndi Harry, msodzi wa matemba. Nyanja itauma mu 1995, Harry anayenda wapansi pamene ankaponya ukonde, nabwerera kunyumba kukauza mkazi wake kuti madzi othawa sangawakhulupirirenso. Anayamba mpunga. Patapita zaka, alimi anagwirizana zokumba ngalande ya Tigwirane, ndipo banja lililonse linayezeredwa gawo lake ndi nsungwi. Lamulo linali lakale, lodziwika kwa aliyense amene anagwirapo dima, ntchito yothandizana pamudzi: munthu akachoka asanamalize, amazika khasu pagawo lake. Khasu likaima pamenepo, ndiye kuti mwini akubwera. Wofuna kumuthandiza amayamba wakamufunsa.

Harry anadwala ntchito ili pakati. Virginia anazika khasu, nanyamuka naye kupita kuchipatala ku Zomba. Ali komweko anthu anazula khasulo, naliponya m'udzu, nakumba gawo lake. Palibe anatuma munthu kukafunsa, ngakhale njinga zinkapita ku Zomba tsiku ndi tsiku. Harry anamwalira. Pogawa mapoloti, Pearson, amene nthawi imeneyo anali mlembi wa komiti, anaimirira ndi mawu ofatsa ngati a mlaliki nanena kuti amene sanamalize kukumba alandire pomaliza. Virginia anali asanavule chovala cha maliro. Anakatola khasu lake m'udzu muja, nalandira poloti yogundana ndi njedza.

M'dzinja zinkayenda, chifukwa mvula sifunsa komiti. Koma mpunga wachilimwe, umene umadalira ngalande yokha, unkapsa chaka ndi chaka. Madzi ankafika pa poloti yachitatu kuchokera kumapeto n'kuima, ngati galu womangidwa chingwe chachifupi.

Virginia sanafe nazo. Anawamba matemba, anakazinga mandasi, mpaka anagula sola imodzi ndi batire. Kenako yachiwiri. Anamanga kachisakasa pamsika wa pafupi ndi sikimu, ndipo mafoni a m'dera lonselo anayamba kuswera kwa iye: a aphunzitsi, a ogula nsomba, a anyamata a kabaza, a alangizi a zaumoyo. Ndi kachisakasa kameneko anaphunzitsa Leah, mwana wake mmodzi yekhayo. Leah anasankha maphunziro a ulimi wothirira, ndipo palibe anafunsa chifukwa chake.

Chaka chimene tikunenachi, Pearson anali atakwera kukhala wapampando. Mpunga wa m'dzinja uli pafupi kucha, komiti inalengeza kuti madzi achilimwe sakwanira, choncho geti lotsegulira kumunsi litsekedwe ndi simenti, mapoloti a kumeneko azilimidwa m'dzinja mokha. Msonkhano wa alimi onse udzavomereza zimenezi akatha kukolola. Ulesi akauveka tayi amautcha chitukuko.

Leah, amene tsopano ankagwira ntchito ku Zomba, anabwera Loweruka lina ndi chingwe choyezera. Anayenda ngalande yonse, nayeza madzi olowa, nayeza ndi otayika.

"Amayi, madziwa ndi okwanira," anatero atakhala pansi m'chisakasa. "Cholakwika ndi katsegulidwe. Aliyense amatsegula geti lake pang'ono nthawi imodzi, madzi n'kufooka panjira. Pali ndondomeko ina yake, geti liti liyambe, liti litsatire, kwa nthawi yaitali bwanji, imene ingafikitse madzi kwa aliyense."

"Ndiye uwauze."

"Sindikuidziwa. Mageti ndi ambiri, ndipo njira zowasinthanitsira n'zochuluka ngati mpunga wa m'thumba. Kompyuta imayenera kuyesa imodziimodzi. Kalaputopu kangaka kadzamaliza mvula itagwa."

Virginia anayang'ana mafoni ogona pamphasa, iliyonse ndi chingwe chake. "Awa si makompyuta? Iwe wemwe unandiuza. Akungogona pano tsiku lonse ngati apongozi."

Leah anaseka, kenako analeka kuseka. Ntchito yotere ilipo, anatero. Chiwerengero chachikulu amachidula m'magawo, gawo lililonse n'kulipereka kwa makina ake, mayankho n'kuwasonkhanitsa pamodzi. Ndi mmene amachitira m'masukulu akuluakulu.

Anayesa. Pulogalamu yoyamba imene anapeza inali ya anthu amene safuna kuti wina awamve. Foni iliyonse inkafuna kulemberedwa mizere ya malamulo m'Chingerezi cha makina, ndipo kadontho kamodzi kakasowa zonse zinkaima. Leah anatuluka thukuta Loweruka lonse, nalumikiza mafoni atatu, imodzi n'kukana madzulo. Lolemba anayenera kubwerera kuntchito. Anthu ophunzira ali ndi matenda amenewa: akasula khasu amalisula lopanda mpini, kuti aliyense azibwera kwa iwo kudzagwada.

Koma si onse. Kwinakwake kudziko lapansi kuli anthu ena, amene mayina awo sitidzawadziwa, amene anakhala pansi n'kusemera khasulo mpini, n'kuliika poti aliyense atole. Sabata yotsatira Leah anabwera ndi pulogalamu yawo. Iyi inkagawa yokha ntchito, inkapeza yokha mafoni oyandikira laputopu popanda bandulo, inkalandira yokha mayankho. Pagalasi la laputopu pankaoneka timabokosi tondandalika ngati mapoloti. Kotuwa ndi gawo losayambidwa. Kachikasu ndi gawo limene foni ina yatenga, ndipo dzina la mwini foni linkalembedwa pomwepo. Kobiriwira ndi gawo lotha. Mawu ochepa amene analipo Leah anawalemba m'Chichewa. Ntchito ya Virginia inali kufunsa mwini foni, akalola n'kudina kamodzi.

"Basi?" anafunsa Virginia.

"Basi."

"Ndiye zaka zonse zija kusukulu unkaphunzira chiyani?"

Leah anasiya laputopu m'manja mwa amayi ake nakwera kabaza.

Anthu sanalole msanga. Ena anati akufuna kuwabera mayunitsi. Ena anati zithunzi zawo zipita kwa azungu. Mayi wina wa kwaya anapempherera foni yake asanaipereke, naipemphereranso poilandira. Virginia ankauza aliyense chimodzimodzi: foni imagwira ntchito ikakhala pa chaji pokha, sitenga kanthu ka m'kati, ndipo wosafuna atchajitse monga mwa masiku onse. Woyamba kulola anali Alli, wogula nsomba wa ku chilumba cha Chisi, amene mkazi wake Jamila ali ndi poloti yachiwiri kuchokera kumapeto.

"Achemwali, dinani," anatero. "Ngati ikuba, ibe ngongole zanga."

Mafoni ankatentha akamawerenga. Virginia anawakonzera mthunzi wa mphasa ziwiri, nawagoneka pa mbale zadothi zozizira. Medson wa kabaza anabwera kudzatenga yake naigwira ndi nsonga za zala.

"Amake Leah, foni yanga yatentha ngati mbatata yootcha. Mwaipatsa malungo?"

"Yagwira ntchito, achimwene. Musadabwe, kwa inu n'zachilendo."

Ngakhale Mercy, mkazi wa Pearson, anafika tsiku lina ndi foni yaikulu ya mwamuna wake.

"Abambo akunyumba akudziwa?" Virginia anafunsa.

"Ndinagula ndine ndi mpunga wanga. Iwo amangoyenda nayo. Dinani."

Mpunga unakololedwa, unapunthidwa, unayanikidwa, ndipo galasi linkabiriwira pang'onopang'ono ngati nazale. Ana a sukulu ndi akuluakulu omwe ankapatukira pachisakasa kudzaona dzina lawo. Mphunzitsi wina anakwiya poona kuti foni ya wogulitsa makala yamaliza magawo ambiri kuposa yake, nayamba kubwera nayo m'mawa asanalowe m'kalasi.

Msonkhano unali wa Loweruka. Lachinayi Leah atafika, galasi lonse linali lobiriwira kupatula kabokosi kamodzi pakona. Kanali kachikasu, ndipo dzina linali la Alli. Masiku angapo m'mbuyomo Alli anathamangira pachisakasa, nazula foni yake pa chaji gawo lisanathe, nati amayi ake adwala ku Chisi. Chichokereni sanabwere, ndipo nambala yake sinkapezeka. Pansi pa kabokosiko panali funso: Gawoli lachedwa. Lipite kwa wina?

Leah anatambasula chala. Amayi ake anagwira dzanjalo.

"Khasu la mwini lili pomwepo."

"Amayi, palibe khasu apa. Ndi manambala. Foni iliyonse ingawerenge, yankho n'limodzi. Ndikadina, madzi a tiyi asanawire latha. Pulogalamuyi anaipanga dala chotero, kuti mmodzi akasowa ntchito isaime."

"Anaipanga kuti izifunsa. Taona, yafunsa. Ikanakhala ya a Pearson bwenzi itangozula."

"Yafunsa ife."

"Ife si eni gawo."

Leah anafotokoza kuti pulogalamu situlutsa yankho lomaliza gawo limodzi likadatsala, ndipo popanda yankho geti litsekedwa ndi simenti. Anafotokoza za mwera umene unali ukuwomba panyanja sabata yonseyo. Ananena zoona zokhazokha, ndipo pa nkhani ya makina Virginia analakwitsa. Koma iye ankaona china: dzina la Alli likufufutika pakona paja, dzina lina likulowapo, munthu ali pambali pa mayi wake wodwala osadziwa kanthu. Zimenezo anazionapo kale.

Lachisanu m'mawa anamanga chitenje m'chiuno, nakwera kabaza wa Medson kupita ku doko la Kachulu.

Virginia anabadwira m'mbali mwa nyanja, koma madzi ankawaopa. Boti la injini linali lodzaza matumba a ufa, njinga ziwiri ndi mbuzi. Litangotuluka m'njira ya pakati pa njedza, mwera unalilandira. Chilwa ndi nyanja yosazama, koma ikakwiya imavundula matope ake onse n'kukumwazira kumaso. Virginia anagwira thabwa ndi manja awiri, nayamba nyimbo ya kutchalitchi, naiiwala pakati. Anafika ku Chisi dzuwa litapendeka, atanyowa mpaka m'mutu.

Anapeza Alli pakhonde akupatsa amayi ake phala. Gogoyo anali atayamba kupeza bwino. Virginia anakhala pansi, napereka moni wonse monga mwa mwambo, nafunsa za matenda, napereka shuga amene anagula ku Kachulu. Kenako ananena chimene anadzera.

"Che Alli, gawo lanu latsala. Ndabwera kudzamva: mubwera kudzamaliza, kapena mulola wina amalize m'dzina lanu?"

Alli anaika supuni pansi. "Mwawoloka mwera uwu kudzandifunsa zimenezo?"

"Foni yanu sikupezeka."

"Inazima tsiku lomwe ndinafika. Achemwali, mukanangodina."

"Mwana wanganso anatero."

Gogo uja, amene onse ankayesa kuti akuwodzera, analankhula ali chitsinzinire. "Iwe Alli, munthu akakufunsa ngati munthu, umayankha ndi miyendo. Phala andipatsa alongo ako."

Loweruka m'mawa boti la injini linakana kulira. Mwini wake anamasula ichi, namenya icho, natukwana amene anamugulitsa mafuta. Dzuwa linkakwera. Alli anabwereka bwato kwa msuweni wake, naika foni yozimayo m'jumbo, naimanga pakhosi. Anapalasa poya, nakankha ndi nsungwi posaya, Virginia akukapa madzi ndi chigubu chodula. Pafupi ndi doko bwato linatitimira m'matope, ndipo onse awiri anatsika n'kuyenda, matope akufika m'mawondo.

Pansi pa mtengo wa mango pamene alimi a Tigwirane amasonkhana, nkhani inali itapita patali. Leah anali ataimirira ndi laputopu yake pa tebulo, batire pansi, ndipo anali atafotokoza zonse zimene akanatha. Chala chake chinali chitayandikira funso lija kangapo konse, koma sanadine. Thumba la simenti linali kale pa njinga, poonekera, kuti aliyense adziwe kumene nkhani ikupita.

"Tamva, mwana wathu," Pearson ankanena. "Sukulu ndi yabwino. Koma yankho mulibe. Ndipo ngakhale likanakhalapo, makina a mayi ndi mwana wake anganene kuti mayiyo asamwe madzi? Fisi sangaweruze mlandu wa mbuzi. Nanga eni nkhaniyo ali kuti? Ngakhale lero sanabwere kudzamaliza."

Anthu ena anaseka. Ndiye kabaza wa Medson anaima kumbuyo kwawo, atanyamula anthu awiri amatope okhaokha.

Virginia sanapite kutsogolo. Anatenga foni kwa Alli, naipukuta ndi nsonga youma ya chitenje, nailumikiza ku batire. Foni yozima imachedwa kudzuka, ndipo msonkhano wonse unadikira. Itayaka, anadina kamodzi. Anthu anadzuka m'malo awo n'kuunjikana kuzungulira tebulo. Ambiri anali ataonapo timabokosi tobiriwira, koma panalibe anaonapo kabokosi kakusintha iye akuyang'ana. Wina anagwira foni ija nanena kuti yayamba kutentha. Wina anaikupiza ndi chipewa. Kabokosi ka pakona kanabiriwira.

"Apampando akuti makina ndi a ine ndi mwana wanga," anatero Virginia. "Leah, werenga eni magawo."

Leah anawerenga. Aphunzitsi, wamakala, mayi wa kwaya, Medson, alimi a kumtunda, alimi a kumunsi. Aliyense pomva dzina lake ankayankha ngati m'kalasi. Panalibe gawo limene linagwiridwa ndi wina mwini asakudziwa.

Alli anaimirira, matope akuuma pa miyendo yake. "Ine za makina sindidziwa. Ndikudziwa kuti mayi awa akanatha kundizulira khasu ndi chala chimodzi, ine osamva mpaka kufa. M'malo mwake awoloka mwera kudzandifunsa. Munthu wotero angakubereni madzi? Msewu wa ku Zomba ndi wouma, abale, koma timadziwa tonse kuti sunayendedwe."

Akuluakulu ena anayang'ana pansi.

Pearson anakonza kukhosi. "Chabwino. Yankholo likuti chiyani? Ndipo lachokera m'foni ya yani? Tisadabwe likakhala la m'foni ya kumunsi."

Leah anawerenga ndondomeko: ngalande ikadzaza, geti la kumunsi lizitsegulidwa loyamba, a kumtunda atatseka onse, kenako a pakati, a kumtunda azisinthana awiriawiri, aliyense kutsegula kwathunthu m'malo mwa pang'onopang'ono. Palibe wosowa madzi, kungoti wa kumtunda azidikira nthawi yake. Kenako anayang'anitsitsa galasi, naluma mlomo.

"M'gawo la Che Alli munalibe kanthu. Njira zake zonse zinali zolephera. Yopambanayi yapezeka ndi foni ya apampando."

"Foni yanga sinalowe m'zimenezi."

"Inalowa, bambo," anatero Mercy ali chikhalire pakati pa amayi. "Masiku aja munkati batire ikuchedwa kudzaza."

Kuseka kwake kunamveka mpaka kumsika. Munthu angakane nzeru za mkazi wamasiye, angakane za mwana wamkazi wophunzira, koma kukana foni ya m'thumba mwake pamaso pa anthu n'kovuta. Msonkhano unagwirizana kuyesa ndondomekoyo chilimwe chimodzi. Thumba la simenti linabwerera kumene linachokera.

Pobwerera kuchisakasa Leah anati, "Mwaona, amayi? Mwatsala pang'ono kumira chifukwa cha gawo lopanda kanthu."

"Linali lopanda kanthu, koma linali lake."

Tsiku loyamba la ndondomeko yatsopano, Virginia anaima pa poloti yake dzuwa litakwera. Jamila anali pa yake. Madzi anabwera akukankha zinyalala ndi ziwala patsogolo, anafika pa poloti yachitatu kuchokera kumapeto, pamene ankaima zaka zonse zija, ndipo sanaime. Virginia anatenga khasu, lomwe lija la m'udzu, lotha mpaka kutsala ngati chikhatho, nagumula kamzere ka dothi. Madzi analowa m'ming'alu, nthaka ikumwa mochita kumveka. Anavula patapata nalowamo.

Chaka chimenecho anakolola mpunga wachilimwe koyamba chilandirire poloti ija. Alimi a kasikimu kena kumpoto anatuma anthu kudzafunsa, ndipo Virginia anawaonetsa podina. Palibe anabwera kudzapepesa za khasu lija, ndipo asakunamizeni kuti alipo. Pearson masiku ano amauza alendo kuti foni yake ndiyo inapulumutsa Tigwirane. Virginia samutsutsa. Amangoti akabweretsa foniyo pachisakasa, amaigoneka pa mbale yozizira kuposa zonse, n'kuuza mwini wake kuti adikire panja, chifukwa mthunzi ndi wa ogwira ntchito.